Tadala Akufuna Buku la Mtsikana wa ku Malawi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako. Kuno ku Dublin tilipo, kungoti nyumba sitinapezebe, tikadali m'chipinda chimodzi chija.

Mwana wanu Tadala, uja ankadana ndi kuwerenga, wasintha chiyambireni sekondale. Ku laibulale anabwereka buku lonena za mtsikana wakuda ngati iye, ndipo sakulisiya, ngakhale m'basi ya ku Blanchardstown. Lamlungu anandifunsa m'Chingerezi ngati alipo mabuku onena za atsikana a ku Malawi. Ndinamuuza kuti sindikudziwa. Iye anati, "Ngati palibe, amayi, ndidzalemba ndine." Mawu amenewa anawanena m'Chichewa, achemwali, mwana woti amangoyankha Chingerezi!

Chonde mumufunire buku lotere ngakhale limodzi, lingakhale lakale long'ambika. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati