Mitsempha Yoyera ya Iddi

Mangochi,
14 Ogasiti 1987

Okondedwa achemwali a Enid,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko, inu, alamu ndi kakhanda kathu Ruti. Ine ndikadali m'kachipinda kanga ka mdima kuchipatala kuno, kujambula ndi kutsuka zithunzi za ekisireyi.

Lachiwiri la sabata yatha kunabwera mayi wa ku Nkope, a Abiba, ndi khanda lawo Iddi. Mwanayo ankapuma movutikira, bere osayamwa. Nditatsuka chithunzi chake ndinayesa ndalakwitsa mankhwala otsukira. Mitsempha ya magazi siioneka pa ekisireyi, koma ya Iddi inaoneka yonse, yoyera mbee ngati mafupa, kuyambira pamtima mpaka m'manja. Inali itauma gwa.

Dokotala wathu wachizungu uja, amene mpaka lero "muli bwanji" amamutsamwitsa, ataona anatsala pang'ono kuvina. Akuti matendawa ngosowa zedi, aphunzitsi ake kwawo anakalamba osawaona. Anaitanitsa chithunzi china, kenako chinanso. A Abiba anandikoka malaya: "Achimwene, bwanawa akusekerera, ndiye kuti mwana achira?" Ndinayang'ana pansi. Mankhwala ake kuno kulibe, ndipo bwanayo ankadziwa.

Iddi anatisiya Loweruka m'mawa. Bwana anati mtembo aung'amba Lolemba kuti atsimikize, akalembe m'magazini ya madokotala anzake. Makolo sanawafunse. Anauza ine, ngati kuti mwanayo ndinabereka ndine, nakwera galimoto wa kuhotela kukasambira. Munthu wa madigiri ake, wogona pakati pa mizikiti, osadziwa kuti Asilamu sagoneka maliro.

Bambo a mwana, a Mustapha, anafika ndi sanda, nsalu yoyera yokulungira mtembo.

"Tingamutenge?"

"Ndi wanu, a Mustapha."

Anamwino onse mwadzidzidzi anapeza zochita kuwodi ina. Dzuwa lisanapendeke, Iddi anali ataikidwa kwawo.

Lolemba bwana anavala magolovesi, napeza tebulo lili mbee. Anandifunsa chifukwa chake sindinamuchenjeze. Ndinati, "Simunandifunse, bwana." Akuti andinenera kulikulu kuti ndichotsedwe ntchito. Anene. Masiku ano aliyense akunenera mnzake, akaime pamzere.

Mukamva kuti andiponya ku Chitipa, mayi athu musawauze zambiri, mungoti ndinakwezedwa.

Moni kwa alamu. Ruti wathuyo mumufungatire m'malo mwanga, ndipo mundilembere msanga ngati akuyamwa bwino.

Ndine mlongo wanu,
Rowland