Anandilemba Wochapa, Tsopano Ndikubaya Jakisoni

Okondedwa amayi,

Pepani ndi zilembo zokhotakhotazi, paja sukulu ndinalekera Sitandade 4. Alinafe akuwerengereni pang'onopang'ono. Muli bwanji ku Maganga? Mwendo uja ukukulolani kufika kumpunga? Ine kuno ku Joni thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Polowa ntchito pakhomo pano adona anati ndine helipa. Kuno helipa ndi wochapa, kukolopa ndi kusita, ndipo zimenezo ndimazitha. Mwezi watha mayi amene ankasamalira agogo, amayi awo a adonawo, anasiya ntchito, ndiye adona anandiuza kuti ndikhale keyara. Ndinavomera msanga. Ndimaganiza kuti onsewa ndi othandiza basi, ngati muja ndinkachitira ugadiyani malemu abambo ali m'chipatala ku Salima.

Si choncho ayi, amayi. Gadiyani amaphika phala ndi kusambitsa wodwala, mankhwala n'kusiyira anamwino. Keyara wa pakhomo pano amagwira yekha mankhwala, ndipo amene anachokayo anachita kuphunzira. Agogowa ali ndi matenda a shuga. M'mawa uliwonse ndikuwabaya jakisoni pamimba, chonsecho adona anangondionetsa kamodzi akuthamangira kuntchito.

Lachiwiri nditawabaya anakana kudya. Posakhalitsa thukuta linangoti kamukamu, manja akunjenjemera, n'kumanditchula dzina la munthu wina. M'nyumba ndinali ndekha. Ndinawamwetsa tiyi wa shuga wambiri posowa chochita, ndipo anatsitsimuka. Mpaka lero sindikudziwa ngati anali tiyiyo kapena Mulungu chabe. Habiba, mnzanga wa ku Senga Bay amene amagwira ntchito nyumba yoyandikana, wandiuza kuti agogowa akadzatsirizikira m'manja mwanga apolisi sadzafunsa kuti ndinalembedwa ntchito yanji. Mapepala anganso okhalira kuno anatha kale.

Pempho langa ndi limodzi. Mutume munthu ku Chitala kwa a Fanny, aja amabaya amuna awo a shuga, andiimbire foni masana adona kulibe. Andiuze ngati munthu wokana kudya amabayidwabe.

Moni kwa amalume, azakhali, alamu anga a Lenard, ndi ana anga Luka ndi Nancy. Anawo musawauze izi.

Adona sindinawauze za Lachiwiri, kapena zoti ntchitoyi sindikuitha, poopa kuti andichotsa ndi yochapa yomwe. Mawa m'mawa ndibayanso, ndipo sindikudziwa ngati agogo adye.

Ndine mwana wanu,
Tiyanjane