Mtsuko Wanu Ndaupeza kwa Mneneri

Amayi anga, kodi kumeneko mukupeza bwanji?

Kuno ku Lifuwu tilipo. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene a Lameki, wabereka mwana wamkazi ndipo tamutcha dzina lanu. Akalira mudzi wonse umamva, ndiye mwina dzinalo silinalakwike. Nyanja yadzaza kuposa mmene munaisiyira, yameza mtengo wa mango uja munkayanika usipa pansi pake.

Chandilembetsa ndi mbewu yanu ya mpunga. Kwabwera mneneri wina, wamanga chisakasa pafupi ndi msika. Akuti nyanjayi ikukwera chifukwa Mulungu watopa ndi kusamvera kwathu, ndipo chiweruzo chifika mpunga usanache. Wofesa nazale chaka chino, akuti, ndiye kuti sakhulupirira. Choncho anthu akututa mbewu zawo kukapereka kwa iye kuti asonyeze kulapa. A Lameki anatenga mtsuko wanu uja ine ndili kuchipatala ndi mlamu, wodzaza mmene munausiyira, mpunga wosakaniza ndi phulusa ndi masamba a nimu. Ndiwo mpunga wonunkhira umene munachokera nawo kwa amayi anu. Nditafunsa, anandiyankha kuti chosamva adachiphikira m'masamba.

Sindikana, Amayi, kuti Mulungu ndi mwini zonse ndipo adzaweruza. Munandiphunzitsa ndinu. Machimo tili nawo ndithu, ndipo nthawi zina ndikaiona nyanjayi mtima umandigunda. Koma poona zochita za mneneriyo, maso anga akana kugona. Munthu wodikira mapeto a dziko amagula malata atsopano? Amafunsa mtengo wa feteleza?

Lachiwiri ndinadutsa kuseri kwa nyumba imene mneneriyo akukhala, ngati ndikufuna mbuzi yotayika. Ndinapeza nazale zitatu zobiriwira bwino, zotchingidwa ndi mpanda wa bango. Pambali pake panali mtsuko wovundikira pansi. Ndinaudziwa ndi mng'alu wa pakamwa uja munamata ndi phula la mabwato. Munalibe ngakhale njere imodzi. Ndinapsa mtima, koma ndinangotembenuka.

Nditauza a Lameki, anati mwina ndi nazale za mwini malo, ndipo kuzonda munthu wa Mulungu ndi tchimo lina. Masiku ano salonjerana nane. Akazi awo amandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, kenako amayang'ana mwana.

Ndiye ndinakumbukira zija munkanena, kuti mbewu siigona nyumba imodzi. Ndinakwera pampando ndi kupapasa kudenga la khitchini yanu, ndipo botolo lija munkabisamo mbewu ina ndinalipeza, lotseka ndi chitsononkho. Munali mpunga wokwana manja awiri okha. Ndaufesa dzana, masanasana, anthu akuona. Ena ayamba kale kunditcha mkazi wa Loti.

Mantha ndili nawo, Amayi, sindikubisirani. Ngati mneneriyo akunena zoona, ndidzayankha ndekha pamaso pa Mwini wake. Koma inu munkati tsiku limenelo ngakhale angelo salidziwa, ndipo Ambuye akadzabwera adzakupezeni ndi khasu m'manja, osati mutakhala pakhonde.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani. Ndikulonjeza kuti mbewuyi sifera m'manja mwanga. Lipenga likalira, lidzandipeza m'matope ndikuwokera. Likapanda kulira, mbale yoyamba ndidzapatsa a Lameki, chifukwa mwana wa dzina lanu uja adzafuna phala.

Ndine mwana wanu,
Esinati