Galimoto Yosafika kwa Amayi

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Ife kuno tilipo, poti tikupuma.

Achimwene anagula galimoto. Ananditenga ine, makaniko wa pabanja, kuti ndikawasankhire pa ziwiri zapamwamba. Yotuwa inali yokwererapo, yosamwa mafuta, zipangizo zake zosasowa. Yakuda inali yaliwiro, koma mimba yake pafupifupi kukhudza pansi. Ndinagwada, ndinayeza ndi chikhatho, ndinawauza kuti msewu wa kwa amayi siidzautha. Anaseka, amvekere, "Iwe umadziwa masipanala, za ulemu suzidziwa. Mabwana anzanga amayendera yakudayi."

Anagula yakudayo. Tsopano yatha miyezi itatu osapondako kwa amayi. Akuti mabampu angawakandire galimoto. Lamlungu lapitali anaima pamphambano n'kuimba foni kuti amayi atuluke akaione. Malume, amayi masiku ano ngakhale kubafa safika okha.

Lachiwiri adokotala atawaona amayi anandiitanira pambali. Zimene ananenazo si zolemba m'kalata. Amayi akungofunsa za inu. Ngati mukubwera, bwerani mwezi uno, ndipo mukwere minibasi. Iyo imafika pakhomo.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Makaniko uja wosadziwa ulemu