Ndime Imene Anaidula M'nyimbo Yanu

Amayi anga, kaya kumeneko mwadzuka bwanji?

Ife kuno ku Chia tilipo. Ndakwiya, Amayi, sindikubisirani, koma munkati mlandu suyamba moni asanathe, ndiye ndiyambe ndi za pakhomo. Mkazi wa mchimwene wanga Yohane wabereka mwana wamkazi, tamutcha Edina, dzina lanu, ndipo kukuwa kwake ndi kwanu komwe. Mpunga wa kumtunda wachita bwino, wa kudambo unamira madzi atakwera. Mtondo wanu wang'ambika kunsi. Yohane amati auwaze nkhuni poti masiku ano tonse timapita kuchigayo, ine ndinamuuza kuti ayambe wawaza mutu wake.

Mukukumbukira ndinakulonjezani m'chipatala kuti ndibwerera kusukulu? Ndinabwerera. Ndikuphunzira za uphunzitsi ndili pakhomo, kukoleji timakumana kamodzi pamwezi. Lachinayi likubwerali ndili ndi mayeso apakamwa. Munthu umaima pamaso pa aphunzitsi atatu n'kufananitsa zolemba ziwiri zokamba nkhani imodzi. Ndikalephera ndibwereza chaka, ndipo malo amene andisungira pasukulu ya pulayimale pano apatsa wina.

Nkhani yanga ndi ya mkazi wodikira mwamuna wake. M'buku lathu, cholemba choyamba ndi ndakatulo ya bambo wina wophunzira, dzina lake m'zilembo zikuluzikulu, chithunzi chake pambali atavala tayi. Nditatembenuza tsamba kuti ndione chachiwiri, ndinangoona nyimbo yanu ya pamtondo ija.

Mpunga wacha, ndikudikira,
a ku Dwangwa, ndikudikira,
mphasa ndayala, ndikudikira.

Pansi pake alembapo kuti: "Nyimbo ya makolo. Mwini wake sadziwika." Sadziwika! Inu Edina Naphiri, amene mawu anu asodzi ankawamva ali pakati pa madzi, simudziwika? Ndikuwakumbuka bwino anthu aja a galimoto yoyera amene anabwera ndi kawailesi kojambulira mawu. Anafunsa dzina la mudzi, anafunsa ngakhale mtengo umene anasemera mtondo, dzina lanu lokha ndilo linawalemera. Anakusiyirani mtanda umodzi wa sopo n'kumapita.

Koma chandipweteka koposa si chimenecho. Aphunzitsi athu, a Kamanga, anaima kutsogolo n'kunena kuti: "Taonani kusiyana kwake. Mkazi wa m'ndakatulo akudandaula poti ndi wamasiku ano. Koma mayi wa m'nyimboyu ndi wofatsa, wopirira, sadziwa n'komwe kukwiya. Ndiwo amayi a kale amenewo." Amayi inu, wofatsa? Inu amene munathamangitsa wogula mpunga ndi munsi mpaka kumsewu chifukwa cha ndowa yake yotukumula ija? Iwo sadziwa kuti zimene mkazi sanganene kwa apongozi maso ndi maso amaziimba pamtondo. Sadziwa kuti abambo atapita ku Dwangwa kukadula nzimbe n'kukwatira komweko, inu munasuntha mtondo dala kukauika pafupi ndi khonde la agogo, mayi awo, kuti liwu lililonse lilowe m'khutu. Munkati mtondo ndiwo khoti la mkazi wosauka.

Ndinaimika mkono. Ndinati, "Aphunzitsi, nyimboyi ndi ya mayi anga, ndipo ili ndi ndime ina imene yadulidwa." Kalasi yonse inafa nacho chiseko. A Kamanga anati, "Aliyense muno ali ndi mayi woimba. Ndimeyo ili kuti? Tiimbireni." Amayi, ndinatsegula pakamwa, zii. Ndimakumbuka azimayi anzanu akuseka mpaka kugwetsa minsi mukafika pandime imeneyo, koma mawu ake anandithawa, ndinali wamng'ono. A Kamanga anati, "Mayeso si pamtondo, mayi. Mukayankhe za m'buku ngati mukufuna kukhoza." Manyazi amene ndinachita tsikulo sindinawaonepo chibadwire. Ndinapita kwa amayi aang'ono kukafunsa, iwo akuti nyimbo zotero anazisiya atalowa kwaya. Kwaya yake yomwe amangoyasamulamoyo!

Tsono pali nkhani imene ndakhala ndikuizemba. Abambo anabwera. Kumaliro anu sanaoneke, koma patatha miyezi itatu ndinangoona munthu akutsika minibasi ndi kachikwama kamodzi. Ntchito inatha, mkazi wa ku Dwangwa anawathamangitsa, m'kamwa mulibe ndi dzino limodzi lomwe. Ndinkafuna kuwabweza, Yohane n'kumati bambo ndi bambo. Ndiye m'mawa uliwonse ine mwana wanu ndimawaphikira phala la mpunga poti china sangatafune. Timapatsana moni basi. Mundikhululukire ngati ndinakulakwirani.

Dzulo m'mawa ndinali kupeta mpunga pakhonde uku ndikuyeserera mayankho mokweza. Ndinali nditagonja, Amayi, ntchito ndikuifuna. Ndinaimba mizere itatu ija, kenako ndinayamba kuloweza bodza la m'buku: mayiyu ndi wofatsa, mayiyu sadziwa kukwiya. Abambo anali pamphasa ndi mbale yawo ya phala. Ndinangomva supuni gobede.

"Wanena zimenezo ndani?"

"Buku," ndinatero osawayang'ana.

"Bukulo silinakwatirepo mayi ako."

Kenako anayamba kuimba ndi nkhama zawozo:

Mudzabwera mano atatha,
nzimbe zitakulangani,
amene munadya naye shuga akutafunireni.

Lichero linandipulumuka. Ndiyo ndime ija, Amayi, yonse! Ndinawafunsa kuti anaimva kuti poti iwo kuno kunalibe. Akuti azimayi ogulitsa nsomba anafika nayo ku Dwangwa inu mutangoipeka, sabata isanathe, ndipo anzawo ankawaimbira m'munda wa nzimbe tsiku ndi tsiku. Akuti n'chifukwa chake ankaopa kubwera, ngakhale kumaliro. Ndinawakalipira, sindinama. Ndinati, "Munaopa nyimbo? Ife tinkagona ndi njala, inu n'kumaopa nyimbo?" Anangoyang'ana phala lija. Ine sindinawatonthoze. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga cholembera, n'kuwauza kuti abwereze. Anabwereza katatu.

Taganizani, anthu a mabuku anaitaya, amayi aang'ono anaikana, ine ndinaiiwala, woisunga yonse n'kukhala munthu amene munamuimbirayo. Zikundikwiyitsa mpaka pano, koma mwina inu kumeneko mukuseka.

Lachinayi ndikanena zoona. Ndikati akazi awiriwa onse akudikira, koma wa m'ndakatulo akudikira ndi misozi, wa m'nyimbo akudikira ndi munsi m'manja. Akafuna kundilepheretsa andilepheretse, chaka sichipha munthu. Abambo akuti apita nawo, achapitsa kale malaya awo. Ndinawafunsa kuti akakachite chiyani kukoleji. Anati, "A Kamanga akowo akafuna umboni, ine ndikangotsegula pakamwa."

Ndikukulonjezani chimodzi, Amayi. Ndisanayankhe funso lililonse, ndikaima chilili n'kutchula dzina lanu lonse mokweza, ndipo sindikayamba mpaka nditaona atatu onsewo alilemba.

Gonani bwino. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Esinati