Phazi la Tisa Lasokoneza Amalume

Akulu anga a Mwanida,

Muli bwanji kumeneko? Kuno ku Luembe tonse tili bwino.

Mwana wanu Tisa wachila. Pa opaleshoni anamuchotsa kafupa koonjezela kamene kanali kumupweteka, ndipo phazi lake silophwathalalanso, pakati pake sipagunda pansi.

Dzulo ndinamutuma nshawa kunkhokwe. Amalume ataona mapazi achilendo anakuwa: "Kwabwela wakuba! Mapazi a pamudzi pano ndiwadziwa onse!" Anawalondola, ndodo ili m'manja, mpaka pakhomo panga. Tisa anatuluka n'kuponda pamchenga. Amalume anayang'anitsitsa, kenaka anakhala pansi ndi kuseka mpaka misozi.

Chonde tumizani nsapato zatsopano, wakuba wathu afuna kubwelela kusukulu. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Esinala