Ndayamba Kuvina Tisanavule Zakuda

Marikina,
18 Ogasiti 2019.

Okondedwa achemwali anga, Ate Nilda,

Musadabwe kulandira kalata ya pepala ngati kuti mafoni anatha padziko. Ndayesa katatu konse kukuuzani nkhaniyi tikamaimbirana Lamlungu, koma ndikangoona nkhope yanu yotopa, kumbuyo kwanu nkhalamba imene mumaisamala ku Milan, ku Ulaya kuja, ikuitana, ndimangoyamba kukamba za mvula. Mvulayo ikugwadi. Mtsinje unasefukira mlungu watha koma madzi sanafike pakhomo. Ine ndili bwino, ndipo kuntchito tikusokabe nsapato za ana asukulu monga mwa masiku onse. Ndikhulupirira kuti msana wanu uja wayamba kumva mankhwala.

Mawu amene munanena mwezi watha sakuchoka m'mutu mwanga. Munati pa 14 Novembala, tsiku lovula zakuda, chaka chikadzakwana Amayi chitisiyireni, simubwera. Munati, "Belen, kumeneko ndikatengenso chiyani? Amayi kulibe. Udzangondiyatsira kandulo basi." Ine ndinangoti chabwino. Sichinali chabwino, ndipo kalata ino ndi yokupemphani kuti mubwere. Koma ndisanapemphe ndiyenera kuulula kaye, chifukwa azakhali a Sioning alibe chifuwa, ndipo ndi bwino mumve kwa mwini wake.

Ndayamba kuphunzira gule wanu uja wa baleti, wovina ndi nsonga za zala. Inde, ineyo, wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ndi mawondo anga olira ngati chitseko chakale. Sekani kaye, ndikudikirani. Choipa n'chakuti ndayamba chaka cha maliro chisanathe, pamene mwana wa malemu sayenera kuvina ngakhale pa ukwati wa mnansi.

Mukumukumbuka Felisa, mnzanu amene munkavina naye muli atsikana, uja munkati ali ndi khosi la tsekwe? Ali ndi chipinda chophunzitsiramo pamwamba pa sitolo ya mankhwala pafupi ndi msika. Mkati mwa mlungu amaphunzitsa ana, koma Loweruka m'mawa ndi la ife amene sitima inatisiya kalekale. Ndinadutsa pamasitepe okwerera kumeneko kanayi, ndikunamizira kuti ndikukagula mankhwala a mutu. Ulendo wachisanu ndinakwera.

Felisa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe si mng'ono wake wa Nilda?" anatero. "Mapazi ndi omwewo, kungoti iwe wawasunga m'kabati zaka makumi anayi."

"Ndili pa maliro, Aphunzitsi," ndinayankha, manyazi atandigwira.

"Ndaziona zakudazo. Muno aliyense amavala zakuda, palibe adzakufunse. Vula nsapato."

Inu mukuudziwa mtengo wopingasa uja umene amaukhoma m'mbali mwa khoma kuti ovina azigwirira. Tinaima pamenepo mondondozana anthu asanu ndi anayi. Ine mochenjera ndinathamangira kumapeto kwenikweni, kuti ndiziona miyendo ya anzanga n'kumangotengera, ndiponso kuti wina asaone matako anga akunjenjemera. Zinayenda ndithu. Felisa amatchula mawu ake a Chifalansa amene kwa ine amamveka ngati mayina a mankhwala, ine n'kumangochita zimene wakutsogolo akuchita. Kenako anaomba m'manja. "Tembenukani! Mbali inayo!"

Achemwali, bwanji simunanditsine khutu? Tonse titatembenuka, wakumapeto ndi amene anakhala wakutsogolo. Patsogolo panga panali khoma lokhalokha, kumbuyo anthu asanu ndi atatu akuyang'ana miyendo yanga. A Pining, mayi wina wogulitsa nsomba pamsika, anafuula ali kumbuyo kwanga, "Titsogolereni, mayi, tikagwere m'dzenje limodzi!" Ndinakweza mwendo wolakwika, atatu enanso n'kukweza wolakwika womwewo, ndipo chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Felisa anangopukusa mutu. "Muno wobisala kumapeto ndi amene amatsogolera mbali yachiwiri. Uzolowere."

Ndinaseka nawo, koma pobwerera m'jipi, kabasi kathu kaja, ndinalira mpaka mayi amene anakhala pafupi nane anandipatsa kansalu. Moyo wanga wonse ndakhala ndi munthu patsogolo. Poyamba munali inu, ndinkavala zimene mwasiya, n'kumayankhula monga mumayankhulira. Mutachoka panali Amayi, nthawi yodzuka inali yawo, mchere wa m'ndiwo unali wawo. Tsopano ndikafika kunyumba palibe wondiuza kanthu, ndipo sindidziwa n'komwe chimene ndimakonda kudya.

Ndapita Loweruka lililonse kwa miyezi itatu. Sindinafike poima ndi nsonga za zala monga munkachitira inu, ndipo Felisa wanena mosabisa kuti mwina sindidzafikapo. Ndimavala tinsapato tofewa tansalu timene ndinasoka ndekha kuntchito pa nthawi ya chakudya. Minofu imene sindinkadziwa kuti ndili nayo imandidzutsa Lamlungu m'mawa kuti ndiidziwe.

Tsoka linandigwera masabata awiri apitawa. Ndikutsika masitepe, tsitsi nditamanga kumbuyo ngati kamtsikana, tinsapato tikusuzumira m'chikwama, ndinangoti gululu ndi azakhali a Sioning akutuluka m'sitolo ya mankhwala. Pamwambapo piyano inali ikulirabe.

"Belen! Simenti ya pamanda a mayi ako sinaume n'komwe, iwe uli kalikiliki kuponya miyendo kumwamba? Pa msinkhu wakowu?"

"Azakhali, ndi zolimbitsa thupi chabe."

"Usandipusitse, mwana iwe, ndinakusambitsa ndine. Zolimbitsa thupi zimakhala ndi piyano? Nilda akamva adzakomoka. Iye anasiya gule ameneyu kuti inu mudye, iwe ukumutola pa maliro!"

Anenetsa kuti pa tsiku lovula zakuda sindine woyenera kutsogolera mapemphero. Zimenezo sizikundipweteka kwenikweni, atsogolere okha, mawu ali nawo okwanira. Koma zimene ananena za inu zinandilasa, chifukwa n'zoona. Ndikudziwa chimene munasiya, ndipo sindinakuthokozenipo ngakhale kamodzi.

Tsopano ndifike pamene dzanja likukana kulemba. Mlungu womaliza wa Amayi munkaimba tsiku lililonse n'kumafunsa, "Akunditchula?" Ine ndinkati, "Ayi, akungogona, sakuzindikiranso munthu." Ndinakunamizani, achemwali. Ankakutchulani m'mawa ndi masana. Ndinkadziuza kuti ndikukutetezani, popeza mapepala anu okhalira kunjako anali asanatuluke ndipo mukanabwera sakanakulolani kubwereranso. Chimenecho chinali chifukwa chimodzi. China chinali nsanje. Zaka khumi ndi chimodzi ndinawasambitsa ndi kuwatembenuza pabedi, koma dzina limene linatsala pakamwa pawo linali lanu, ndipo zinandiwawa.

Tsiku lina masana ndikuwamwetsa phala la mpunga, anandigwira dzanja. "Nilda, wabwera?" anatero. "Tavina pang'ono ndione. Uja unavina utavala zoyera." Maso awo anali ndi kuwala kumene ndinali ndisanakuone kwa miyezi. Ndinaika mbale pansi. Ndinaima pakati pa bedi ndi kabati, n'kukweza manja, n'kunyanyamphira, n'kuzungulira kamodzi monga ndinkakumbukirira kuti munkachitira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako kuwala kuja kunazima.

"Iwe ndiwe Belen," anatero, mawu ali omveka bwino lomwe. "Manja a Nilda sakhala choncho. Khala pansi, mwanangu, ungagwe." Nditakhala anandisisita pamutu, n'kufunsa, "Nanga Nilda abwera liti?"

Ndinati, "Mawa, Amayi." Anafunsanso tsiku lotsatira, ndinayankhanso chimodzimodzi. Tsiku lachitatu sanafunsenso.

Ndicho chinandikweza masitepe aja. Anapempha kanthu kamodzi kokha pamapeto, ndipo ine amene ndinawapatsa zonse ndinalibe kanthu kameneko. Poyamba ndinkangofuna kudziwa kuti manja anu ankakhala bwanji. Koma sindikunamizaninso, panopa ndimapitanso chifukwa ndikukonda. Piyano ikayamba, mtima wanga umakhala m'malo kwa ola lathunthu. Loweruka lapitali Felisa anandikweza chigongono ndi chala chimodzi, n'kunditembenuza dzanja pang'ono. "Pomwepo. Usasunthe. Taona pagalasi." Ndinayang'ana, ndipo kwa kanthawi kochepa ndinaona mkono wanu, ndendende. Ndinakusowani kwambiri. Zaka makumi awiri ndi ziwiri chichokereni inu ndi zambiri, achemwali, ndipo nkhope ya pa foni munthu sungaikumbatire.

Ngati mwakwiya, muli ndi ufulu wonse. Ndinakubisirani mawu a mayi anu omwe, ndipo ndatola chinthu chimene inu munachisiya mukulira. Koma musakwiyire kutali. Mapepala anu anatuluka, palibenso chokutsekerezani. Bwerani mudzandikalipire muli m'khitchini muno, ndidzaima chilili osayankha. Mukadzatopa tidzaphike pansiti, timizere ta ufa tija tokazinga, wa alendo, tipite ku Misa, tikaime pamanda tili awiri. Sindikufuna kudzavula zakudazi ndili ndekha pakati pa azakhali.

Felisa akupereka moni, akuti khosi lija lilipobe ndipo akufuna mudzalinenenso pamaso pake. A Pining, ngakhale sakukudziwani, akuti mudzabwere ndi mankhwala a mawondo a ku Ulaya okwanira kalasi yonse. Azakhali a Sioning sanandipatse moni woti ndikupatseni, wawo mudzaumva pa foni ndipo udzakhala wautali. Mundiperekere moni kwa nkhalamba yanu, muiuze kuti yakubwerekani nthawi yaitali, ikubwezeni kwa masabata awiri okha.

Moni womaliza ndi wa Amayi. Ndausunga miyezi isanu ndi inayi pamene sunali wanga, lero ndaupereka kwa mwini wake. Ndinanama kwa inu, ndinanamanso kwa iwo. Bodza la kwa inu ndalikonza ndi kalata ino. La kwa Amayi, loti mukubwera, sindingathe kulikonza ndekha.

Ndine mng'ono wanu amene akudikira,
Belen.